Lata Silisankha Mutu

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinali kalaliki
m'maofesi akale aja a m'tsinde mwa phiri,
kubweza anthu pawindo chifukwa chidindo chafufutika.
"Mubwere mawa, pepala limodzi lasowa."
Ndinkanena osadzutsa ndi mutu womwe.

Penshoni itatuluka ndinati nyumba ya ku Matawale
yandidonthera mokwana.
Mabeseni awiri kuchipinda, ndowa pabalaza,
mvula ya Januwale tinkagona nayo.

Twaliki anabwera panjinga, tepi m'thumba, pensulo kukhutu.
Ndinamufunsa za simenti,
ndinamufunsa misomali makilo angati,
tinalimbana za mchenga wa ku Likangala mpaka dzuwa kupendeka,
ndinamutsitsa mtengo
n'kugona tulo ta munthu wochenjera.
Mwana wanga pafoni anati,
"Ababa, ali ndi inshuwalansi mmisiriyo?
Ija imalipira akavulaza munthu wongodutsa?"
Ndinaseka. Ndinati zimenezo n'za omanga milatho,
ife tikungosasula denga.

Lachinayi mphepo inatsika phiri osaodira.
Lata limodzi losakhomera
linadzuka ngati laitanidwa dzina,
n'kulumpha mpanda.
Kuseri kwa mpandawo kunkadutsa Asiyatu
ndi mtolo wa nkhuni umene analawirira mbandakucha.
Sindinaone.
Ndinangomva nkhuni zikumwazika pamsewu,
kenako zii,
kenako mayi wina akuitana Mulungu.

Ku Sentulo anamusoka phewa.
Dzanja lija lochirikiza mtolo
silikweranso kupitirira khutu.

Twaliki analira. Si munthu woipa.
Anayala chuma chake chonse pakhonde panga:
hamala, levulo, tepi ija, njinga yopanda buleki yakumbuyo.
Alongo ake a Asiyatu anayang'ana njingayo,
anayang'ana Twaliki,
kenako pang'onopang'ono anatembenuka
n'kuyang'ana nyumba yanga.

Mwamuna analemba mmisiri ndani?
Lata linachoka padenga la yani?
Mafunso ake osavuta,
ndinawayankha ndikuwerenga nyerere pansi.

Ndalama ya mitanda inapita kumankhwala.
Ya siling'i inapita kuchipepeso.
Ya penti, ya mageta, ya khomo latsopano limene mayi a kunyumba anasankha,
zonse zinatsata lata lija kulumpha mpanda,
ndipo sizinakwane kugula phewa.

Mwezi watha ndinakwera masitepe a ofesi ina m'tauni.
Mtsikana wa pawindo, msinkhu wa mdzukulu wanga,
anandifotokozera mofatsa osandiseka.
Anati kungokhala nalo pepalalo sikokwanira,
muone tsiku lothera, muone ndalama imene yalembedwapo,
pakuti pepala lokwana kulipira galasi losweka
silinganyamule munthu amene sagwiranso ntchito.
Muimbe foni, mufunse ngati n'lenileni.
Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu,
ine amene ndinkanunkhiza siginecha yabodza ili patali.

Lero denga langa lili pawiri,
uku kukunyezimira, uku lona wabuluu wopanikiza ndi njerwa.
Mabeseni abwerera m'malo mwake,
amadziwa okha pokhala.
Amisiri atatu abwera kudzaona ntchito.
Ndisanafunse za simenti ndimatambasula dzanja.
Awiri anaseka monga ndinasekera ine.
Wachitatu wati abwera nalo Lolemba.
Ndidikira. Kudikiritsa anthu ndinkakudziwa,
tsopano ndikuphunzira mbali inayo ya windo.

M'mawa uliwonse Asiyatu amadutsabe.
Mtolo amasenza ndi mwana wake wamkazi,
yunifolomu ya sitandade sikisi ataipinda kukhala nkhata.
Akafika pampanda amachedwetsa phazi,
amayang'ana kaye kumwamba,
ndiye n'kundipatsa moni.
"Mwadzuka bwanji, achikulire?"
Akanandilalatira bwenzi ndikupeza poyankha.