Kamunthu ka Ambulera

Mnyamata wokonza mafoni pa Chitakale
wandifunsa kachitatu: Dzina lake, bambo?
Ndikanakhala nalo dzinalo
sindikanaima pano, mvula ikundilowa m'kolala.

Ndikuti munali kamunthu.
Kanali ndi ambulera paphewa,
kamadumpha maenje, kuthawa njuchi zazikulu ngati mbuzi,
n'kumatola tinthu tonga mapeyala.
Kakafa kamagwa chagada, miyendo m'mwamba,
ngati nkhuku ya chitopa.

Akuseka, chala chikutsetsereka pagalasi.
Magemu otere alipo zikwi, akutero.
Chinali chaka chanji?

Chaka chimene ndinabwereza Sitandade 5.
Chaka chimene bambo anawachotsa ntchito ku esiteti
n'kubwera kunyumba ndi dengu la tiyi lopanda kanthu.

Katiriji yake inali yachikasu,
chipepala chitamatuka, kutsala zilembo ziwiri
zonga mapazi a khwangwala pamatope.
A Namakhwa anaigula kutsidya kwa Muloza,
inaoloka malire m'thumba la jekete
pamodzi ndi sopo ndi machesi.
Ikakana kuyaka tinkaiuzira
monga umauzira nkhuni zaziwisi.
Batire ya galimoto pansi pa tebulo,
kanema wopanda mtundu,
ndalama imodzi, miyoyo itatu.

Ndalamayo tinkaipeza pamawindo a minibasi,
zinanazi m'manja, ine ndi mkulu wanga Gelesomu.
Iye ndiye ankagwira mabatani.
Ine ndinkagwira mpweya.

Pagawo lachinayi kunkagwa chiperoni,
chifunga chenicheni, chonga chotsika ku Sapitwa,
kamunthu n'kusowa, kungomva kuti kafa.
Palibe anadutsapo, ngakhale mwana wa a Namakhwa
amene ankasewera ulele.
Gelesomu ankati kuseri kwa chifungacho kuli khomo.
Analiona liti? Sindinamufunse.

Nyimbo yake ndiye ndili nayo yonse.
Ndaiimba mluzu pomwepo pabenchi,
mayi wogulitsa chimanga chootcha mpaka kutembenuka.
Mnyamata wapukusa mutu: imeneyo sindinaimvepo.

Wandionetsa ina. Ayi.
Ina. Ayi, uyo ndi wonenepa.
Ina, ina, ina,
mpaka mtima wanga wati phaa! maso asanavomere.

Ndi kameneka.
Koma kavala malaya ofiira, ine ndinkakadziwa kotuwa.
Ambulera ija si ambulera,
ndi kaukonde kogwirira agulugufe.
Mapeyala aja ndi mabelu.
Wakathamangitsa mpaka gawo lachinayi:
thambo lili mbee, dzuwa lili phwee,
chifunga palibe.
Kanema wa a Namakhwa ndiye ankatentha,
akatopa n'kuyamba kuchita khungu.

Ndati kweza mawu.
Foni yalira tinyimbo tothamanga, tachilendo,
tosandidziwa, inenso osatidziwa.
Apo mpamene ndakumbukira waya uja
wolendewera kumbuyo kwa kanema,
ndi dzenje pamene panali sipika.

Kanema ameneyo sankalankhula.
Anali Gelesomu.
Milomo atasongola, maso ali tong'o,
mluzu kukwera kamunthu kakadumpha,
kutsika kakagwa.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikufunafuna
nyimbo ya m'kamwa mwa mbale wanga
m'makina a anthu ena.

Anakwera basi ya ku Joni mwezi wa Juni,
chikwama chobwereka, nsapato zanga.
Nambala yake imayankhidwa ndi mzimayi wa pamakina
amene amandiuza kuti ndiyesenso nthawi ina.
Ndakhala ndikuyesanso.

Mnyamata akundiwerengera dzina,
mawu atatu opota lilime.
Akuti alilembe kuseri kwa lisiti.
Ndati lemba, koma mawu zimitsa,
ndipo undibwereke foniyo.

Zala zanga zakalamba, zafa kawiri pa dzenje loyamba.
Moyo watsala umodzi.
Mvula yakata, phiri likuvula chifunga pang'onopang'ono,
minibasi ya ku Limbuli ikuitanira,
ndipo ine, bambo wa ana anayi,
ndasongola milomo.