Phada wa Mafayilo

Tsilizani anandiponyera linki Lachiwiri usiku,
pansi pake mawu awiri okha: yesako, useke.
Ndinali ndekha mu ofesi ya kopaletivi, kuseri kwa depoti ya Salima,
fani ikutakasa mpweya wotentha womwewo,
mabelo a thonje atatsamira khoma ngati anthu odikira malipiro.

Kanali kapulogalamu kaulele,
matumbo ake onse pambalambanda,
wofuna kusuzumira asuzumire, wofuna kusoka asoke.
Mwini wake sindimudziwa.
Anadzitcha dzina la mbalame,
ndipo sanabise: ndinapanga mongosewera.

Akuti mafayilo ako sagona pa disiki.
Kamawaduladula ting'onoting'ono,
n'kuponya tizidutswato ku makompyuta akutali,
iwo n'kubweza, iko n'kuponyanso,
katundu yense ali m'malere,
osatera.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Si phada uyu?
Yemwe mlongo wanga Lekeleni ankasewera kwa Khombedza,
mwala m'mwamba, dzanja pansi,
diso osaphethira.

Ndinayamba ndi chithunzi cha njinga yanga.
Chinapita. Ndinawerenga mpaka makumi anayi.
Chinabwera chathunthu, ndi sipoko yothyoka ija ili pomwepo.
Mtima unati phaa, ngati mwana amene waona matsenga pamsika.

Kenaka kaundula wa alimi,
mayina mazana asanu ndi limodzi, makilo awo, ngongole za mbewu.
Kope chabe, musandiyese wamisala.
Nayenso anakwera m'mwamba.
Kumutsegula kunali ngati kudikira minibasi ya ku Chipoka kuti idzaze,
ndipo bandulo yanga ya sabata yonse
inasungunuka ndisanamalize botolo la thobwa.

Podikira ndinawerenga mizere yake.
Yaukhondo, ndikuvomereza,
dzanja la munthu wodziwa ntchito amene wasankha kuchita zachibwana.
Penapake pakati anasiya kamawu:
netiweki ikafa, pepani.

Itangokwana naini koloko magetsi anathima.

Fani inazungulira kawiri, n'kugonja.
Timaso tobiriwira ta rauta tinatsinzina.
Laputopu yokha inkandiwalira kumaso,
ndipo kwinakwake pamwamba pa nyanja zomwe sindinaziwonepo
miyala yonse inali kugwa
popanda dzanja loiwakha.

Atayaka, foda inali mbee.
Bambo Msosa ndi makilo awo mazana atatu, palibe.
Mayi Nachisale amene anabweza ngongole ndi mbuzi, palibe.
Ndinkadziwa kuti ndi kope,
komabe thukuta linatsika msana,
ndipo ndinapita kukagwira kabati ya Mayi Asiyatu,
mmene mumagona buku lakuda lija,
lodyedwa ndi chiswe m'makona,
zaka zisanu ndi ziwiri osataya dzina ngakhale limodzi.

M'mawa anandifunsa akupukuta magalasi,
nanga chinthu chanu chija?
Ndinati, amayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno,
wapachala ndi wa mphepo.
Anati ndiye mwagonera chiyani muno?
Ndinalibe yankho loti lilowe mu lipoti.

Mu lipotimo ndinalemba mizere itatu:
Nkochenjera.
Nkodya bandulo.
Musaikemo chilichonse chimene mungachilire.

Koma sindinakafufute.
Ndinapeza pena pamene kankataya chidutswa chomaliza,
ndinasoka, n'kutumiza kwa mbalame ija.
Inayankha patapita masiku anayi:
zikomo, sindinkadziwa kuti alipo amene akukagwiritsa ntchito.
Salima ili kuti?

Tsopano kamakhala pa laputopu yakale, ya batire lakufa.
Dzulo ndaikamo uthenga womaliza wa Eneless,
uja wa Febuluwale, wa mizere iwiri,
umene chala changa chakana kufufuta miyezi isanu ndi itatu.
Kope lina palibe.
Uli m'mwamba pano, ukupita, ukubwera,
ndipo ine ndakhala pansi pa fani,
ndikumvetsera.