Tinalipo Khumi ndi Awiri

Tinalipo khumi ndi awiri
chaka chimene ndinalembedwa ntchito ya zapansi.
Anatipatsa ovololo, majombo ofika m'mawondo,
mtanda wa sopo pakutha pa mwezi
ndi mkaka, ati umatsuka m'chifuwa.
Che Likoswe wawo sankamwa,
ankaubisa m'chikwama, wa ana.

Mapaipi a mzinda uno tinkawadziwa
ngati mitsempha ya pamkono.
Kukasefukira ku Chitawira
ife tinkakavundukula ku Naperi,
odutsa atagwira mphuno,
ena akulavula pafupi ndi zala zathu.

Kenaka tinayamba kuthothoka ngati mano.
Likoswe, chifuwa chomwecho.
Nakoma anapuma, akuweta nkhunda ku Lunzu.
Sitolo anakwera basi ya ku Joni, kalata imodzi, zii.
Pamsomali pamene ankakoleka ovololo yake
sipanakolekedwenso kanthu.

Lero werengani makoma a ku Ndirande:
TIMAPOPA ZIMBUDZI, ndi nambala ya foni
yolembedwa ndi penti wotsala pa chitseko cha wina.
Mwini galimoto sadziwa fungo lake.
Paipi yake imamwa pa ola limodzi
zimene ife tinkasenza mpaka dzuwa kupendeka,
ndipo imafuna anthu awiri basi,
wachitatu abwere mawa.

Koma ku Mbayani, kumene njira
imapanikiza ngakhale wilibala,
galimoto imaima kumsewu.
Kumeneko ndowa ikadali mfumu.
Amapita usiku, anyamata,
kabotolo m'thumba kogonetsa mphuno,
malipiro pamanja, theka lero,
linalo mwininyumba akalandira.
Palibe sopo. Mkaka musafunse.

Mmodzi ndi Wadisoni, mwana wa mlongo wanga.
Satifiketi ya fomu folo ili m'pulasitiki
pansi pa matiresi, yoyera bwino.
Kwa apongozi akuti ndi pulambala.
Amasamba kawiri, kachitatu ndi mandimu,
asanakwere minibasi.

Dzulo wabwera, matope mpaka m'ntchafu.
Malume, chivundikiro cha kuseri kwa msika wa Limbe
chili pati? Tafunafuna.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Anamangapo shopu ya nsapato, mwanawe.
Uime pakhomo, uwerenge mapazi asanu ndi awiri
kulowera kumene kunali mtengo wa mbawa.
Ukatsegula usalowe msanga.
Dzenje lipume kaye, limapha mwakachetechete.
Ndipo chingwe chikhale m'chiuno,
wochigwira akhale munthu amene ulibe naye ngongole.

Analemba mufoni, nanyamuka.

Ndinatsala pakhonde kuyang'ana Soche,
nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka,
iliyonse ndi dzenje lake kuseri.
Mzinda ukudya, sudzaleka.
Ntchito ilipo, yachita kuchuluka.
Chatha ndi kaundula uja
amene kapitawo ankatsegula m'mawa
n'kuitana dzina lako lonse,
iwe n'kuyankha: ndilipo.