Dothi la ku Makeni

Tsiku loyamba Mayi Nyendwa sanandipatse mbewu.
Anandipatsa ndowa nati, nunkhiza.
Ndinaseka. Ine mwana wa ku Chawama,
dothi ndimalidziwa ngati fumbi la Okutobala m'mano
ndi matope a Januwale m'nsapato.
Zoti lili ndi fungo lakelake sindinkadziwa.

Pachipata pali kalata ya boma m'galasi,
chidindo, mlonda ndi galu wake wowonda.
Mkati, miphika yakuda ili ndandanda kudikira chamba.
Eya, chamba chomwecho
chimene chinagoneka mkulu wanga Yotamu ku Chimbokaila
chifukwa cha kamtolo kokwana m'bokosi la machesi.
Kuno amati ndi mankhwala.
Kuno amandilipira mwezi ukatha.

Fumbata, anatero Mayi, ndipo ndinafumbata.
Likakhala chibuma, mizu idzabanika.
Likathawa m'zala ngati shuga, lidzamwa madzi osakhuta.
Ufune lija logwirana pang'ono,
loti ukaligunda ndi chala liyoyoke mwaulemu.

Iwo anakulira m'madimba a ku Ngwerere,
zaka makumi awiri akugulitsa repu ndi anyezi,
ndiye botolo lokongola la m'sitolo silinkawanyenga.
Kuseri kwa shedi anali ndi mulu wawo:
makoko a kabichi otola ku Soweto,
udzu wouma, zitosi za nkhuku zogona kuyambira chaka chatha,
fumbi la makala lotsalira pansi pa thumba.
Anapisamo dzanja mpaka m'chigongono
natulutsa nyongolotsi zitatu.
Awa ndiwo antchito enieni, anati,
iwe ndi ine timangolandira malipiro awo.

Koma ine ndinali ndi changu.
Miphika isanu ndi iwiri inali yanga,
timbewu tanthete, timasamba ngati zala za khanda.
Ndinationa tikuchedwa.
Madzulo ena, Mayi atakwera basi,
ndinathira zitosi zaziwisi, zamafuta, zotentha,
ndikuti idyani ana anga, musafe ndi njala ngati ife.

Lachinayi nsonga zinali zitapsa.
Loweruka masamba anapindika ngati zikhadabo.
Mayi anaima, anayang'ana, sanakalipe.
Anangofunsa kuti, khanda la masabata awiri
unayamba walionapo likutafuna chimanga chokazinga?
Kenaka anandipatsa kheni ya madzi:
tsuka, udikire. Wadyetsa mbewu,
ukanadyetsa dothi likanadziwa lokha muyeso.

Inayi inafa. Itatu inandikhululukira.

Tsopano ndimayamba ndi chala, osati kheni.
Ndimachilowetsa mpaka pa mfundo yachiwiri,
pakakhala chinyontho ndimadutsa.
Ndaphunzira kusachita kanthu,
ntchito yovuta kuposa kukumba miyala ya ku Kanyama.

Usiku ndikafika, Yotamu amakhala pakhonde
kukonza mawailesi a anthu.
Za kuntchito kwanga safunsa.
Koma tsiku lina anandigwira dzanja,
nalinunkhiza nthawi yaitali,
nati, si fungo limene ndimayembekezera.
Ukununkha mvula.

Ali ndi tomato wake m'thumba la simenti,
pafupi ndi mpopi umene sutulutsa madzi,
wachikasu, wautali ngati munthu wodwala.
Ndinapempha Mayi manyowa a m'mulu muja,
anandiyezera m'pepala la shuga,
nyongolotsi imodzi ya basela.
Ndinadutsa nawo pachipata, mtima uli phaphapha,
mlonda anatsegula, anasuzumira, anaseka:
dothi? Pita nalo.

Yotamu analandira ndi manja awiri.
Anafuna kukhuthula lonse nthawi imodzi.
Ndinamugwira pamkono.
Pang'ono, achimwene.
Pang'ono, kenaka tidikire.

Anandiyang'ana, iye amene anawerenga
masiku chikwi pa khoma limodzi,
nati, zodikira usandiphunzitse.
Ndiuze za dothi.