Telala Wagona Chafufumimba

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala pakhonde la ku Kamuzu Road,
phazi likupalasa makina,
singano ikulowa, ikutuluka
m'mayunifolomu a ana a eni,
m'madiresi a chinkhoswe,
m'mabuluku a anyamata a kabaza othetheka kumatako.
Singano ndinkaidziwa ngati dzino langa lomwe.
Sindinalotepo kuti tsiku lina
nsalu ndidzakhala ine.

Ululu unayamba ngati mlendo waulemu,
wofika usiku, wotsanzika tambala akulira.
Kenako unabwera ndi akatundu,
unayala mphasa m'chiuno mwanga,
nutuma mwana wake atsike mwendo wamanzere
mpaka kuchala chachikulu.
Panado ndinkatafuna ngati mtedza wokazinga.
Bulufeni anandiyatsira mbaula m'mimba.
Mphini zisanu ndi ziwiri za kwa Khombedza
zilipo, bwerani muwerenge,
koma msana sunamve kuti watemeredwa.

Anandikoka ndi Abiti Matola, mayi a kunyumba.
"Kuseri kwa sitolo ya malata kuli mayi wina,
amabaya anthu popanda mankhwala."
Ine ndinati jakisoni wopanda madzi
ndi tiyi wopanda masamba.
Ndinapitabe, ndikutsimphina.
Womira sasankha chogwira.

Mayi Kaphamtengo sanalonjeze kanthu.
Anayamba ndi kabuku kanga ka kuchipatala,
tsamba ndi tsamba, magalasi ali pamphuno.
"Kwa dokotala musasiye. Ine ndingothandizirako."
Anang'amba kapepala ine ndikuona,
munali tisingano tatsopano,
towonda ngati ubweya wa kumchira kwa ng'ombe.
Ndinatenga kamodzi ndi maso, kufuna diso lake.
Kalibe.
"Nanga ulusi mulowetsa pati?"
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Gonani chafufumimba, a Ajibu."

Ndinaluma mano kudikira moto.
Kunabwera udzudzu.
Wina pamsana, wina m'chiuno,
wina kuseri kwa bondo,
wina pafupi ndi kakolo, kumene sikunadandaulepo.
"Kumeneko sikupweteka, mayi."
"Inu mukamakonza kolala, simugwira mkono?"
Ndinakhala chete. Anandipeza.

Kenako kulemera kwina, dzanzi lofunda,
kukuyenda pansi pa khungu
ngati madzi oyamba mu ngalande youma.
Panja lole ya chimanga inkabwerera m'mbuyo,
wina ankaitanira mandasi,
fani inkazungulira mwaulesi kutentha kwa Okutobala.
Ine, nungu wa pabedi la pulasitiki,
ndinagona tulo.
Tulo teniteni, ta dovu pakamwa,
tomwe ndinatisowa chiyambire Malichi.

Ndisaname, pakuti bodza lili ndi miyendo yaifupi:
sindinadzuke ndikuvina beni.
Tsiku lachitatu mlendo uja anabwerera
kudzaona ngati mphasa yake ikadalipo.
Ndinapitanso Lachinayi, ndi Lachinayi linalo,
ndalama ya madiresi awiri ulendo uliwonse,
Abiti Matola akuwerengetsa mokweza.
Mwana wanga wa ku Lilongwe akuti ndi maganizo chabe.
Mwina.
Koma maganizowo dzulo andimangitsa nsapato ndekha,
ndagwada pa swala osagwira khoma.

Mayi aja anandiuzanso zina zopanda singano:
mpando ndaukweza ndi njerwa ziwiri,
ndikasoka malaya amodzi ndimaima,
ndimayenda mpaka pa mpopi ndi kubwerera,
anzanga a pakhonde akundiseka kuti ndayamba usilikali.

Ululu ulipo, koma wachepa thupi.
Umakhala pakona, sulankhula pamaso pa alendo.
Masiku ena umaiwala kubwera.

Lero m'mawa mtsikana wabweretsa siketi yong'ambika.
Ndaiyala pamakina, ndaisalaza ndi chikhatho,
ndipo singano isanatsike
ndadzimva ndikunong'oneza nsaluyo:
usaope, n'kaudzudzu chabe,
puma.