Osewera opanda zithunzithunzi

Mwendo uli m'mwamba.
Mpira waima pamphepo ngati wauiwala mwini wake,
goloboyi wadumpha koma sakutera,
ndipo Vitumbiko, amene walipira mahandiredi atatu
otsala pogula makala a mayi ake,
akufinya batani ngati limamva kuwawa.
Chithunzi podzatsitsimuka
mpira uli kale pakati pa bwalo.
Chigoli chalowa tonse osachiona.
"Ankolo, mwandibera."

Ndambwezera ndalama yake. Ndatseka chitseko.
Kunja nkhungu ya Mzuzu yameza Chibavi yense,
akabaza akungomveka mabelu,
koma bokosi ili likutentha ngati mbaula ya mayi wa zitumbuwa.
Mzinda wonse uli m'majuzi,
lokhali likudwala malungo.

Ndamasula timisomali tinayi ndi mpeni wa patebulo.
M'kati ndapeza fumbi la zilimwe ziwiri,
ulusi wa bulangete, phiko la ngumbi,
ndi tsitsi lochokera kometera kwa a Msiska
lomwe limadutsa pansi pa khoma lamatabwa.
Fani ikuzungulira mokoka mwendo
ngati munthu wokwera chitunda cha ku Masasa atasenza thumba.
Ndaipukuta ndi mswachi wakale.
Ndauzira ndi pampu ya njinga
mpaka ndayetsemula zakuda.
Phala loziziritsa ubongo wake lauma gwa,
ndapala, ndapaka latsopano,
kadontho kamodzi, kukula ngati nyemba.

Ndayatsa. Yapepukako,
koma wosewera akuthamangabe mwachibwibwi.

Ndiye ndasaka alendo osaitanidwa,
timapologalamu todzuka tokha m'mawa
n'kumadya kuseri osapereka moni.
Ndatithamangitsa kamodzikamodzi.
Pakati pa usiku, bandulo ikatsika mtengo,
ndakoka madalaiva atsopano,
mzere wobiriwira ukukwawa,
ine maso pa babu, kupempha magetsi asandithawe
pa chigawo chomaliza.

Kenaka ndayamba kulanda.
Ndachotsa udzu wowerengeka tsamba ndi tsamba,
bwalo latsala lobiriwira chabe.
Ndachotsa thukuta pamphumi za osewera,
mvula yogwa m'bwalo, mbendera zouluka.
Ochemerera zikwi makumi anayi
ndawasandutsa makatoni opentedwa.
Pomaliza penipeni
ndazimitsa zithunzithunzi.

Ndipo taonani, mpira wayenda!
Kuchoka kuphazi kufika kuphazi, osapunthwa,
ngati madzi a Lunyangwa mwezi wa Epulo.
Pakona ya sikilini nambala yomwe inkanjenjemera pa khumi ndi ziwiri
yakhazikika pa makumi asanu.

Kompyutayi anatumiza ndi mkulu wanga Yotamu
pa basi yochokera ku Joni, yokulungidwa m'makatani.
Naye akaimba foni ya kanema Lamulungu
nkhope yake imauma pakati pa mawu,
kukamwa kuli yasa,
mawu n'kubwera okha pambuyo ngati katundu wotsalira pa boda.
Timazimitsa kanema kuti timvane.
Chaka chachinayi tsopano
ndikumdziwa ndi mawu okha.
Akuti ali bwino. Sindiona ngati waonda.

M'mawa Vitumbiko wabwera ndi mnzake Wongani,
milomo yotuwa ndi chisanu.
Wagoletsa ziwiri mphindi zisanu zisanathe,
wakuwa mpaka a Msiska agogoda khoma.
Ndiye waima, wayandikiza mphuno pagalasi.

"Ankolo, anthuwa alibe zithunzithunzi.
Ndi mizukwa?"

Ndati ayi, mphwanga, ndi anthu ndithu,
angotula zina kuti athe kuthamanga.
Wandiyang'ana ngati ndayankhula Chiswahili,
wagwiranso batani.

Ndatsegula kope la ngongole,
ndalemba mtengo wa kadi ya zithunzi
yomwe ndinaiona kwa Mwakasungula mumsika wa Taifa,
n'kuugawa ndi mahandiredi atatu.
Yankho lake ndi magemu ambiri,
ambiri kwabasi,
mwina mpaka nyengo ya mphutsi za m'mapaini itadutsa kawiri.
Ndatseka kope.
Fani ikupuma mofatsa tsopano,
ndipo pabwalo lopanda mthunzi
mpira ukugubuduka.