Mtima wa Thabwa

Ingebjørg wabweza masikii m'mamawa,
m'chiuno muli mikwingwirima ya dzulo.
Akuti phiri la Oppdal lauma gwa,
chipale chasanduka galasi,
ndipo pokhota, matabwawo anangomutaya.

Torleiv sakuyankha.
Wagwira sikii kumutu ndi kumchira,
akuipotokola ngati nsalu yonyowa.
Yalola. Vuto ndi lomwelo.

Thabwa lovomera kupotoka
limausiya ayezi pomwe ukulidalira:
mpeni wa m'mphepete umagona
m'malo moluma.

Pabenchi pali ina yocheka pakati,
zam'mimba zili poyera:
timizere ta mtengo wolimba ndi wopepuka
tomatana ndi guluu,
ndi chitsulo chopyapyala ngati chikhadabo,
pamwamba ndi pansi,
chomeza kunjenjemera
kusanafike m'mawondo.

"Iyi njolemera," akutero Ingebjørg.
"Eya. Chipale chikafewa udzaitukwana."

Akuigoneka pansi. Pakati sipakugunda,
kuwala kukudutsa,
msana wa uta ukudikira thupi la munthu
kuti mpeni wonse ugwire.

Kenaka tupa. Fumbi lonyezimira paepuloni.
Kunja mphepo ikupukutabe galasi lija.